PHUNZIRO LA ZAUMOYO: Kuundana kwa Magazi mwa Odwala Maganizo Amene Angocira Cimfine ndi Cifuwa

Kuwerenga Mau: 1 Mafumu 19:1-8, Miyambo 31:8-9, Mateyu 25:34-40

Vesi loloweza: Miyambo 31:8

Colinga: Kuti mai ali yense wa Cigwirizano adziwe ngozi ya kuundana kwa magazi, azindikire zizindikiro zake, ndipo alimbe mtima kulankhulira wodwala amene mau ake samveka.

MAU OYAMBA

Azimai okondedwa mwa Ambuye, kuceza odwala ndi imodzi mwa nchito zimene Cigwirizano cathu cimadziwika nazo. Tikabvala yunifomu ndi kunyamula dengu la cakudya, timafika ku wodi ya ana, ku wodi ya azimai ongobereka, ndi kwa okalamba amene ali gone kunyumba. Koma iripo wodi imodzi imene ambiri a ife timaizemba, ndiyo ya odwala matenda a maganizo. Ena timaopa, ena timacita manyazi, ndipo ena timaganiza kuti munthu wotere sangazindikire n'komwe kuti tabwera.

Abale athu otere amagonekedwa ku Chainama Hills mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 1962, ndiponso m'mawodi a odwala maganizo a m'zipatala zazikulu monga za ku Ndola, Chipata ndi Livingstone. M'phunziro lino tikambirana ngozi imodzi imene ingawaphe mwakacetecete. Munthu wogonekedwa cifukwa ca matenda a maganizo akadwalanso cimfine cacikulu, cibayo kapena COVID-19, magazi ake akhoza kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Izi zingacitike ngakhale pamene kutentha thupi kwatha, kukhosomola kwaleka, ndipo onse akunena kuti wacira. Akuluakulu anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala.

1. ZIMENE TIPHUNZIRA KWA ELIYA

Eliya anali mneneri wamphamvu. Pa phiri la Karimeli anaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450. Koma Yezebeli atamuopseza ndi imfa, munthu yemweyo anathawa, nalowa m'cipululu ali yekha. Mphamvu zinamthera, anataya mtima kotheratu, napempha Mulungu kuti amcotse pa dziko. Atatero anadzigwetsa pansi pa kamtengo nagona. Ali yense amene anasungapo m'bale wodwala nthenda ya cisoni cacikulu akudziwa kagonedwe kameneka. Munthu safuna kudya, kusamba kapena kulankhula. Angofuna kugona basi.

Taonani cimene Mulungu anayamba naco. Anatuma mngelo amene anamgwira Eliya, namdzutsa, nampatsa mkate ndi madzi. Eliya atagonanso, mngeloyo anabwera kaciwiri nacita cimodzimodzi. Mau olankhula ndi mtima wa Eliya anadza pambuyo pake, atafika ku Horebu. Mulungu anasamalira thupi la mtumiki wake pa nthawi imene mtumikiyo anali ataleka kulisamalira.

Tisunge zinthu zitatu izi pamene tikupitiriza phunziro: mngelo anamdzutsa, anammwetsa madzi, ndipo anabweranso. Tidzaona kuti zimenezi ndizo zimene madokotala amafunanso kuti zicitike kwa wodwala wogona.

2. KODI MAGAZI AMAUNDANA BWANJI?

Kuundana kwa magazi ndi mphatso ya Mulungu. Mukadziceka ndi mpeni podula ndiwo, magazi amatuluka kanthawi, kenaka amauma ndi kutseka bala. Cikanapanda cimeneci, kabala kakang'ono kakanatipha. Bvuto limabwera pamene magazi aundana m'kati mwa mtsempha momwe mulibe bala.

Mtima umakankha magazi kupita m'thupi lonse. Akafika kumapazi afunika kukwera kubwerera kumtima, ndipo ulendo wokwerawu mtima suutha wokha. Cimene cimathandiza ndi minofu ya m'katumba, kumbuyo kwa mwendo pansi pa bondo. Nthawi iri yonse tikaponda pansi, minofu imeneyi imafinya mitsempha ndipo magazi amakwera. M'mitsemphamo muli tizitseko ting'onoting'ono totsekukira kumwamba kokha, toletsa magazi kubwerera pansi. Munthu akaleka kuyenda, kufinya kuja kumaleka, magazi nadekha monga madzi a m'ngalande yotsekeka.

Dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anaonetsa m'zaka za pakati pa 1846 ndi 1856 kuti magazi oundana m'mwendo akhoza kuduka ndi kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Kufikira lero, zifukwa zitatu zoundanitsa magazi zimaphunzitsidwa m'dzina lake:

(a) Magazi akamayenda pang'onopang'ono, monga mwa munthu wogona masiku ambiri.
(b) Magazi akasintha nakhala ofulumira kuundana, cifukwa ca matenda, kucepa kwa madzi m'thupi, pathupi kapena mankhwala ena.
(c) Khoma la mtsempha likabvulala kapena kutupa m'kati.

Mbulu wa magazi ukapangika m'mtsempha wa m'kati mwa mwendo, a cipatala amaucha DVT. Ukaduka umayenda ndi magazi, n'kudutsa mumtima, n'kukakakamira m'mapapo. Pamenepo amati pulmonary embolism. Mbulu ukakhala waukulu, magazi amalephera kukatenga mpweya m'mapapo, ndipo munthu angathe kufa m'mphindi zowerengeka. Pa anthu 1,000 ali onse, mmodzi kapena awiri amapezeka ndi nthendayi pa caka, koma kwa ogonekedwa m'cipatala ciwerengero cimakwera.

3. CIMFINE, CIBAYO NDI COVID-19

Tizirombo ta vairasi tikalowa m'mphuno ndi m'mapapo, thupi limayamba nkhondo. Pa nkhondo imeneyi magazi amadzaza zinthu zoundanitsa, ndipo makoma a mitsempha amatupa. Kutentha thupi kumatulutsa thukuta, kupuma mofulumira kumataya madzi, ndipo wodwala samwa mokwanira. Pamwamba pa izi amagona. Motero zifukwa zonse zitatu za Virchow zimakumana mwa munthu mmodzi.

Madokotala anadziwa zimenezi COVID-19 isanabwere. Mu 2006 magazini ya zamankhwala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku Britain woonetsa kuti m'masabata awiri oyamba munthu atadwala matenda a m'cifuwa, ngozi ya kuundana kwa magazi m'mwendo imakhala pafupifupi kawiri kuposa nthawi zonse, ndipo imatsika pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira.

COVID-19 inaonetsa bvutoli poyera. Odwala oyamba muno m'Zambia analengezedwa pa 18 March 2020, ndipo ambiri a ife tinaika maliro m'zaka za 2020 ndi 2021. Ku Sweden akatswiri anatsata anthu oposa 1 miliyoni amene anapezeka ndi kacirombo pakati pa February 2020 ndi May 2021. Zotsatira zake zinatuluka mu 2022 m'magazini ya BMJ. M'masiku 30 oyamba, ngozi ya mbulu wa m'mwendo inali pafupifupi kasanu, ndipo ya mbulu wa m'mapapo inali ka 33 kuposa mwa anthu amene sanadwale. Ngozi ya m'mwendo inakhalabe yokwera kufikira miyezi itatu, ndipo ya m'mapapo kufikira miyezi isanu ndi umodzi. Inali yaikulu koposa mwa amene anadwala kwambiri ndi amene anali kale ndi matenda ena.

Ziwerengero izi zisaticititse mantha opitirira. Ngakhale mu kafukufuku ameneyu, amene anapezeka ndi mbulu m'mapapo m'mwezi woyamba sanafike awiri pa 1,000. Ambiri odwala cimfine amacira bwinobwino. Cofunika ndi kudziwa amene ali pa ngozi yaikulu kuti tiwayang'anire.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza pa 5 May 2023 kuti COVID-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma kacirombo sikanathe, ndipo cimfine cacikulu cimabwera caka ndi caka, makamaka m'nyengo yozizira. Cifukwa cake phunziro ili ndi lofunikabe.

4. N'CIFUKWA CIANI ODWALA MAGANIZO ALI PA NGOZI YAIKULU?

Mu wodi anthu amagona moyandikana, amadyera pamodzi ndi kusamba m'malo amodzi. Cimfine cikalowa cimafalikira msanga. Wodwala akapatulidwa m'cipinda cake kuti asapatsire anzake, kuyenda kwake kumacepa. Ndipo cimfineco cimapeza thupi limene liri kale ndi zolemetsa zina. Tiyeni tizione.

Coyamba ndi kugona nthawi yaitali. Wodwala cisoni cacikulu angakhale pa bedi usana ndi usiku. Ena amagwidwa ndi mkhalidwe umene madokotala amaucha catatonia, pamene munthu amauma thupi, osasuntha, osalankhula, osadya kwa maola kapena masiku. Kugona osadzuka masiku atatu kapena kuposerapo ndi cimodzi mwa zimene dokotala amafunsa akamaganizira za DVT.

Caciwiri ndi mankhwala. Mankhwala okhazika maganizo monga chlorpromazine, olanzapine ndi clozapine amagoneka tulo, ndipo ena amanenepetsa. Kafukufuku wa ku Britain wofalitsidwa mu BMJ mu 2010 anapeza kuti omwa mankhwala a mtundu umenewu anali ndi ngozi yokwera ndi 32 peresenti, ndipo amene anangoyamba kumwa m'miyezi itatu yapitayo anali ndi ngozi pafupifupi kawiri. Apa, amai, mvetsetsani bwino. Kafukufuku yemweyo anawerengera kuti pa anthu 10,000 omwa mankhwalawa caka cathunthu, oonjezereka kudwala kuundana kwa magazi ndi 4 okha, ndipo mwa a zaka 65 kapena kuposa ndi 10. Mankhwalawa abweza anthu ambiri kumabanja ao ndi kunchito zao. Palibe wa ife ayenera kuuza wodwala kuti aleke kumwa. Kusintha mankhwala ndi nchito ya dokotala.

Cacitatu ndi kusamwa madzi. Wodwala wina amakana cakudya ndi cakumwa poganiza kuti mwathiridwa poizoni. Wina amangoiwala ludzu. Madzi akacepa m'thupi magazi amalimba, monga phala limene lakhalitsa pamoto.

Cacinai ndi kumangidwa. Nthawi zina wodwala akakhala pa ngozi yodzibvulaza kapena kubvulaza ena, a cipatala amamgwira kwa kanthawi motsata malamulo ao. Koma kumidzi ndi m'makomboni kuli mabanja amene amamanga m'bale wao ndi zingwe kapena unyolo kwa masiku, nthawi zina asanamtengere kucipatala. Mwendo womangidwa susuntha, ndipo cingwe cimafinya ndi kubvulaza mitsempha.

Cacisanu ndi zina zimene munthu amabwera nazo: kusuta fodya, kunenepa kwambiri, zaka zoposa 60, khansa, HIV, TB, opaleshoni ya posacedwapa, kapena kuti anadwalapo kale nthendayi. Kwa ife azimai palinso pathupi, masabata asanu ndi limodzi oyamba titabereka, ndi mapiritsi olera okhala ndi mankhwala a estrogen.

Tiyerekeze mai wamng'ono amene wabereka masabata awiri apitawo, maganizo namsokonekera, monga zimacitikira azimai ena akangobereka. Wagonekedwa, wayamba mankhwala ogonetsa, sakudya bwino. Ali m'cipatalamo wagwidwa ndi cimfine cacikulu, nagona masiku anai. Mwa mai mmodzi ameneyu mwakumana ucembere, mankhwala atsopano, kusamwa madzi, vairasi ndi kugona. Cimfine cikatha, acibale adzapuma nati zaipa zapita. Pamenepo ndi pamene maso afunika kupenya.

Cifukwa ca zonsezi, bungwe la NICE lopereka malangizo a zaumoyo ku England linalangiza mu 2018 kuti ali yense wogonekedwa mwadzidzidzi ndi matenda a maganizo aziunikidwa msanga ngati ali pa ngozi ya kuundana kwa magazi kapena ya kutaya magazi.

Cifukwa cotsiriza ndico cowawitsa mtima koposa: wodwala maganizo sakhulupiriridwa. Akati m'cifuwa mukuwawa, timati ndi nkhawa cabe. Akati mpweya ukumthera, timati mutu wayambanso. Akakana kuyenda cifukwa mwendo ukupweteka, timati ndi makani. Wina satha n'komwe kufotokoza. Bungwe la WHO likunena kuti anthu odwala matenda aakulu a maganizo amafa zaka 10 kufikira 20 msanga kuposa anzao, ndipo ambiri amafa ndi matenda a m'thupi amene akanapeweka.

5. ZIZINDIKIRO ZOYENERA KUZIDZIWA

Za m'mwendo:
• Kutupa kwa mwendo umodzi, winawo uli bwino.
• Kupweteka kapena kulemera m'katumba kapena m'nchafu, makamaka poima kapena poyenda.
• Mwendo wotentha kuposa unzake mukaukhudza.
• Khungu losintha mtundu, kuda kwambiri, kufiira kapena kunyezimira.
• Mitsempha ya pamwamba yotukuka kuposa masiku onse.

Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga. Cifukwa cake yerekezani miyendo iwiriyo ndi maso ndi dzanja. Anamwino amayeza katumba ndi tepi, ndipo mwendo umodzi ukaposa unzake ndi masentimita opitirira atatu amauganizira kwambiri. Miyendo yonse iwiri ikatupa mofanana, kawirikawiri cifukwa cimakhala cina, monga mtima kapena impso, koma nazonso afunika kuziona dokotala.

Za m'mapapo:
• Kubanika kapena kupuma mofulumira kumene kwayamba mwadzidzidzi.
• Kubaya m'cifuwa kumene kumakula munthu akakoka mpweya.
• Mtima kugunda mothamanga munthu ali cikhalire.
• Kukhosomola magazi.
• Cizungulire, kukomoka kapena kugwa, makamaka podzuka kupita kucimbudzi.

Mbulu ungafike m'mapapo mwendo usanatupe n'komwe. Ndiponso zizindikiro za m'mapapo zimafanana ndi za cibayo kapena TB. Lamulo losabvuta kukumbukira ndi ili: munthu amene anayamba kupeza bwino, kenaka n'kuyambanso kubanika, aonedwe ndi dokotala nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuce.

Kwa wodwala wosalankhula, penyani zocita zake. Kodi akutsimphina? Akugwiragwira pacifuwa? Akukana kugona cagada? Wayamba kusakhazikika mosiyana ndi dzulo? Nthawi zina kusokonezeka kwatsopano kumabwera cifukwa mpweya wacepa m'magazi.

6. NCHITO YATHU POCEZA ODWALA

Ife sindife madokotala, ndipo wodi iri ndi malamulo ake. Yambani mwadzionetsa kwa namwino woyang'anira ndi kupempha cilolezo pa ciri conse. Ngati inu eni muli ndi cimfine kapena cifuwa, khalani kunyumba, mutumize mnzanu. Sambani m'manja polowa ndi potuluka.

Mdzutseni. Anamwino akalola, pemphani wodwala kuti muyende naye m'khonde kapena pabwalo. Adzuke pang'onopang'ono, ayambe wakhala m'mphepete mwa bedi, cifukwa mankhwala ena amacititsa cizungulire. Ngati sangathe kuima, msonyezeni kugwedeza mapazi m'mwamba ndi pansi monga mai wopalasa makina osokera a phazi, ndi kupinda ndi kuongola mawondo. Acite zimenezi kangapo pa tsiku. Mungaimbe naye nyimbo ya Mulungu imene aikonda, akuponda mapazi motsata nyimboyo.

Mmwetseni. Tengani madzi abwino, tiyi, kapena thobwa losasasa. Wodwala wokayikira amalandira msanga akaona inu mwayamba kumwako. Funsani kaye anamwino, pakuti alipo odwala mtima kapena impso amene madzi ao amayezedwa, ndipo alipo ena amene nthenda yao imawamwetsa madzi opitirira muyeso. Mowa ndi fodya musawatengere, ngakhale atapempha mocondelera.

Bweraninso. Amene amabwera kawirikawiri ndiye amaona kusintha. Gawanani masiku m'Cigwirizano, ndipo wopita lero auze wa mawa zimene waona. Wodwala akatuluka m'cipatala, kuceza kupitirire kunyumba kwa miyezi ingapo, popeza taona kuti ngozi imatsalira.

Penyani miyendo. Mai mnzanu mungampemphe mwaulemu kuti akweze citenje kufika m'mawondo, pamalo obisika. Kwa odwala aamuna pemphani m'bale wao wamwamuna, mkulu wa mpingo kapena namwino.

Zosayenera kucita:
• Musatikite kapena kuthowa mwendo wotupa. Kutero sikusungunula mbulu, kumangotaya nthawi, ndipo kungaudule.
• Musateme mphini kapena kupaka mankhwala a zitsamba.
• Mwendo ukatupa kale, uzani anamwino musanamyendetse.
• Musampatse mapiritsi anu a aspirin kapena ena opha ululu popanda kufunsa.
• Musamlamule kusala kudya ndi kumwa. Ngati mpingo ufuna kusala cifukwa ca iye, tisale ife amene tiri bwino, wodwalayo adye ndi kumwa monga Eliya.
• Musamange wodwala kunyumba. Akabvuta, funani thandizo lomtengera kucipatala.

7. CITHANDIZO CA KUCIPATALA

Nthendayi imacizika ikapezeka msanga. Dokotala amayeza mwendo, kugunda kwa mtima ndi mpweya wa m'magazi. Angatumize wodwala kukaunika mitsempha ndi makina a ultrasound, ofanana ndi ounikira azimai apathupi. Kumene zipangizo ziripo, amayezanso magazi ndi kujambula m'cifuwa ndi makina a CT. Nthawi zina wodwala afunika kusamutsidwira ku wodi ina kapena ku cipatala cina, ndipo apa acibale ndi mpingo angathandize ndi mayendedwe.

Mankhwala ake ndi oletsa magazi kuundana: jekeseni wa heparin, kapena mapiritsi monga warfarin ndi rivaroxaban. Amaletsa mbulu kukula pamene thupi likuusungunula lokha. Kawirikawiri amamwedwa kwa miyezi yosacepera itatu. Womwa warfarin afunika kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndipo mai wapathupi sapatsidwa warfarin cifukwa angabvulaze mwana.

Mankhwalawa ali ndi ngozi yaoyao, ndiyo kutaya magazi. Penyani kamfuno kosaleka, magazi m'nkhama, cimbudzi cakuda bii, mkodzo wofiira, kusamba koculuka, kapena mutu wowawa kwambiri munthu atagwa. N'cifukwa cake dokotala sapereka mankhwalawa kwa ali yense. Amayesa kaye ngozi ziwirizo. Kunyumba, mapiritsi asungidwe ndi munthu wodalirika amene azipereka pa nthawi yake, makamaka ngati wodwala amaiwala kapena analankhulapo zodzipha.

8. KULANKHULIRA WOSALANKHULA

Miyambo 31, caputala cimene timacikonda cifukwa ca mkazi wangwiro, ciyamba ndi malangizo a mai kwa mwana wake, mfumu Lemueli. Pa vesi 8 ndi 9 maiyo amlangiza kuti aziimira amene sangathe kudzinenera okha. Ndi malangizo ocokera pakamwa pa mzimai, ndipo atikhudza ife poyamba.

Mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo, kulowa m'malo mwa lakale la mu 1949 limene linali kuchula odwala ndi maina onyoza. Lamulo latsopanoli liteteza ulemu ndi ufulu wao. Conco m'bale wofunsa za cisamaliro ca wodwala wake sakulakwa. Funsani mwaulemu ndi momveka. Munganene kuti, "A Sisita, amai awa anadwala cifuwa sabata yatha ndipo agona masiku ambiri. Lero ndaona mwendo wakumanzere watupa ndipo ukutentha. Kodi adokotala angauone lero, kuopa kuti magazi aundana?" Anamwino amasamalira odwala ambiri pa nthawi imodzi, ndipo uthenga wolunjika wotere umawathandiza. Mutu umodzi susenza denga.

Cidziwitso cimeneci cingasungenso mtendere m'mabanja. Munthu amene anali kucira akangogwa ndi kufa, mitima imafuna womloza cala. Apongozi, mkazi wamasiye kapena agogo okalamba amanenedwa ufiti, ndipo ubale umatha pa maliro. Mai wa Cigwirizano amene waphunzira za mbulu wa magazi angathe kukhazika anthu pansi ndi kuwauza kuti iripo nthenda yodziwika imene imapha motero, ndipo angalimbikitse banja kufunsa adokotala cimene capha m'bale wao.

Pa Mateyu 25 Ambuye Yesu adziika m'malo mwa waludzu ndi wodwala, ndipo sasankha mtundu wa nthenda. Kapu ya madzi yopatsidwa mu wodi ya odwala maganizo aiwerengera monga yopatsidwa kwa Iye mwini.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Pa 1 Mafumu 19, n'cifukwa ciani Mulungu anayamba ndi cakudya ndi madzi asanalankhule ndi Eliya?
2. Chulani zifukwa zitatu zimene zimaundanitsa magazi m'mitsempha.
3. Ndi zizindikiro ziti za m'mwendo ndi za m'cifuwa zimene mwazisunga pamtima?
4. Ndi maina otani amene timaitanira odwala maganizo kwathu kuno? Kodi ayenera kutuluka pakamwa pa Mkristu?
5. Banja lina mu mpingo lamanga mwana wao wodwala m'nyumba. Tingalifikire motani popanda kulicititsa manyazi?

NCHITO YA MWEZI UNO

Komiti ilembe mabanja a mu mpingo amene ali ndi wodwala maganizo, kunyumba kapena kucipatala, ndipo mndandandawo usungidwe mwacinsinsi. Sankhani azimai awiriawiri oti aziwaceza. Ngati pakati panu pali namwino, mpempheni aonetse gulu kayezedwe ka miyendo ndi kagwedezedwe ka mapazi. Kumbukiraninso masiku awiri a mu October: pa 10 ndi tsiku la umoyo wa maganizo pa dziko lonse, ndipo pa 13, tsiku limene Virchow anabadwa, ndi lokumbukira nthenda ya kuundana kwa magazi. Pemphani Abusa ndi akulu a mpingo kuti sabata imeneyo mpingo wonse upempherere odwala ndi owasamalira.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, Inu munaumba thupi ndi maganizo a munthu, ndipo zonse ziwiri ndi zanu. Tikuikiza m'manja mwanu abale ndi alongo athu ogona m'mawodi a odwala maganizo, ndi amene abisidwa m'nyumba. Limbikitsani madokotala ndi anamwino amene awasamalira usana ndi usiku. Tikhululukireni pamene tawaseka, tawaopa ndi kuwaiwala. Tipatseni maso openya, makutu omvera dandaulo lao, ndi kulimba mtima kuti tiwalankhulire. Monga munatuma mngelo kwa Eliya, titumeni ife. Tipempha m'dzina la Yesu Kristu, Ambuye ndi Mpulumutsi wathu. Amen.